Timagalimoto tokana kufa

Kukucha pa Tsangano Turn-off m'boma la Ntcheu. Chifunga chakuta msewu wa M1, ndipo amayi ogulitsa kabichi ndi karoti afunda zitenje mpaka kumutu. Cha kumtunda, ku msewu wochokera ku Tsangano, kukumveka injini yokalamba. Ikulira, ikutsokomola, kenaka n'kuyambiranso.

Katulukira.

Ndi kapikiapu komwe kale kadali koyera. Chitseko cha kumanzere achimanga ndi mphira wa chubu. Galasi la kutsogolo lang'aluka kuchoka uku kukafika uko. Kumbuyo kwadzaza matumba a mbatata ya kachewere osokerera mpaka kukamwa, ndipo pamwamba pa matumbawo pakhala eni katundu, miyendo ili lendelende. Wina wakumbatira dengu la nyemba, wina wagwirira njinga kuti isagwe.

Kumbuyo kwatitimira ndi kulemera. Mphuno yaloza kumwamba.

Dalaivala sakuima pomwe pali anthu ambiri. Wapitirira pang'ono, wakaima potsetsereka. Batire idafooka kalekale, ndiye ikakwana nthawi yobwerera adzangomasula buleki, galimoto n'kuyamba kutsika, iye n'kuponya giya yachiwiri, injini n'kudzuka. Mnyamata wothandizira wadumpha kale ndi mwala m'manja, wautsamiritsa kunsi kwa tayala.

"Tsikani bwino amayi, pondani apa! Achimwene, tandilandirani thumbali!"

Posakhalitsa katundu yense ali pansi, ndipo kagalimoto kaja kawongoka msana. Pansi pa matope ndi dzimbiri, dzina likuwerengekabe: Nissan 1400.

Komaliza ka mtundu umenewu kadatuluka m'fakitale mu 2008. Koma kapangidwe kake ndi ka mu 1971, chaka chomwe dziko la Malawi lidasiya mapaundi n'kuyamba kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala.

Kakudyetsabe banja mpaka lero.

Mtundu womwe ukutha

M'mwezi wa March 2024, kampani ya Nissan idasiya kupanga NP200 pa fakitale yake ya ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria. NP200 ndiyo idalowa m'malo mwa 1400, ndipo idali pikiapu yaing'ono yomaliza kupangidwa ku South Africa. Anzake adali atapita kale: Volkswagen Caddy yotsegula kumbuyo mu 2007, Ford Bantam mu 2011, Chevrolet Utility mu 2017.

Kuyambira pamenepo, wofuna pikiapu yatsopano m'chigawo chino cha Africa amaonetsedwa zimphona zonyamula tani yathunthu, zambiri za zitseko zinayi, zamtengo womwe wamalonda a pamsika sangaulote.

Chodabwitsa n'chakuti kumaiko olemera timagalimoto takale tomweti tasanduka chuma. Ku America lamulo limalola kulowetsa mosavuta galimoto yomwe yakwanitsa zaka 25, ndipo anthu akuitanitsa timapikiapu takale ta ku Japan n'kumatisamala kwabasi. Kuno kwathu, kakangogona chaka chimodzi pa njerwa kuseri kwa nyumba, ogula zitsulo amafika ndi sikelo.

Timagalimototi tisanatheretu, ndi bwino tidziwe komwe tidachokera, ndi chomwe chidatipatsa moyo wautali chotere.

Kutchalitchi Lamulungu, kumsika Lolemba

Woyamba kuganiza za pikiapu sadali injiniya. Adali mlimi.

Galimoto ya Ford Model T itafala m'midzi ya ku America, alimi ankaichotsa gawo la kumbuyo n'kukhomerapo bokosi la matabwa loti alongedzemo chimanga, mkaka ndi nkhuni. Kampani idaona zomwe makasitomala ake ankachita, ndipo mu 1925 idayamba kugulitsa Model T yokhala kale ndi bokosi lachitsulo kumbuyo, pa mtengo wa madola 281.

Ku Australia nkhani idayamba ndi kalata. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, mkazi wa mlimi wina wa m'chigawo cha Victoria adalembera kampani ya Ford kudandaula kuti banja lake silingathe kugula galimoto ziwiri. Ankafuna imodzi yoti apitire kutchalitchi Lamulungu, mawa lake n'kunyamulira nkhumba kumsika.

Kalatayo idafika m'manja mwa mnyamata wojambula mapulani a galimoto pa fakitale ya ku Geelong, Lew Bandt. Iye adalumikiza kutsogolo kwa galimoto yabwino ya banja ndi bokosi la katundu, zonse thupi limodzi. Idatuluka mu 1934.

Pempho la mayi uja ndilo lakhala likulamulira mbiri yonseyi. Munthu wa ndalama zochepa amagula galimoto imodzi yokha, ndipo imodziyo iyenera kugwira ntchito zonse.

Nkhondo itatha

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, maiko a ku Ulaya ndi Japan adali mabwinja. Chitsulo chidali chosowa, mafuta ogulira pa muyeso, koma ophika buledi, akalipentala ndi ogulitsa masamba ankafunikabe kufikitsa katundu kwa ogula.

Ku Italy, kampani ya Piaggio idatenga njinga yamoto ya Vespa, n'kuiika matayala awiri ndi bokosi kumbuyo. Umo ndi momwe Ape idabadwira mu 1948. Ku France, Citroën idatulutsa 2CV yonyamula katundu mu 1951. Ku Britain, Morris Minor idakhala ndi pikiapu ndi vani yake kuyambira 1953. M'masiku a Nyasaland, galimoto za ku Britain, monga Morris, Austin, Bedford ndi Land Rover, ndizo zinkadziwika m'misewu yathu.

Koma amene adalimbikira kwambiri pa luso lochepetsa galimoto ndi a ku Japan.

Mu 1949 boma la Japan lidakhazikitsa gulu lapadera la timagalimoto ting'onoting'ono, tolipira msonkho wochepa. M'zaka za m'ma 1950 injini yake sinkaloledwa kupitirira 360cc. Malirewo adakwera kufika pa 550cc mu 1976, kenaka 660cc mu 1990.

Mu 1957 kudabwera Daihatsu Midget: matayala atatu, mpando umodzi, chiwongolero cha mahandulo a njinga yamoto. Kankalowa m'tinjira ta m'misika momwe lole siingayerekeze. Kenaka kudatsatira ta matayala anayi: Daihatsu Hijet mu 1960, Subaru Sambar ndi Suzuki Carry mu 1961. Ngakhale Honda, pomwe inkachoka ku njinga zamoto kulowa ku galimoto mu 1963, idayambira pa kapikiapu kotchedwa T360.

Zokulirapo pang'ono nazo zinkakula msinkhu. Datsun, dzina lomwe Nissan inkagulitsira galimoto zake, idatulutsa pikiapu ya 120 mu 1955, 320 mu 1961, 520 mu 1965 ndi 620 mu 1972. Toyota idali ndi Stout, ndipo mu 1968 idabweretsa Hilux yoyamba, ya injini ya malita 1.5 okha.

Hilux yomwe lero imadzaza malo oimikapo galimoto ku Capital Hill idayamba ili yaing'ono, ya mpando umodzi wa benchi.

Nkhuku zidalowererapo

Timapikiapu ta ku Japan titayamba kulowa ku America, tidakumana ndi chopinga chomwe gwero lake lidali m'khola.

Maiko a ku Ulaya adali atakweza msonkho pa nyama ya nkhuku yochokera ku America. Pobwezera, Pulezidenti Lyndon Johnson adaika msonkho wa 25 peresenti pa katundu wina, kuphatikizapo galimoto zing'onozing'ono zonyamula katundu. Udayamba kugwira ntchito mu 1964, ndipo oyamba kuumva kuwawa adali a Volkswagen.

Makampani adasaka njira zozembera. Ford Courier, yopangidwa ndi Mazda, ndi Chevrolet LUV, yopangidwa ndi Isuzu, zinkawoloka nyanja zopanda bokosi la kumbuyo, n'kukaliika zitafika. Subaru idachita kukhomera mipando iwiri m'bokosi la BRAT, kuti pa kasitomu iwerengedwe kuti ndi galimoto ya anthu.

Msonkhowo ulipobe, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe pikiapu ya ku America idakulira thupi popanda mpikisano wa tating'ono tochokera kunja. Timapikiapu tidakapeza kwathu kwenikweni kwina: ku Asia, ku South America ndi kuno ku Africa.

Mkango wa m'misewu ya fumbi

Akuluakulu omwe adayenda m'zaka za m'ma 1970 akamatchula galimoto yolimba, dzina la Peugeot 404 silichedwa kutuluka.

Idayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo pikiapu yake idabwera mu 1967, nthawi zambiri ili ndi tenti kumbuyo. Mbiri yake idamangidwa pa mpikisano wa East African Safari, wodutsa m'matope ndi m'fumbi la Kenya, Uganda ndi Tanzania. 404 idapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Mu 1963 mvula idavuta kwambiri moti galimoto 7 zokha ndizo zidamaliza ulendo, ndipo patsogolo padali 404 yoyendetsedwa ndi Nick Nowicki.

Wamalonda wa ku Nakuru kapena Arusha sankafunanso umboni wina.

Ku France itasiya kupangidwa, ku Kenya adapitiriza kuilumikiza mpaka 1991. Yotsatira yake, 504, idakhala m'fakitale ya ku Kenya mpaka 2004, ndipo ku Nigeria fakitale ya ku Kaduna idadzaza nayo misewu. Matola oyambirira a ku Kenya, otchedwa matatu, ambiri adali mapikiapu oikidwa denga ndi mabenchi kumbuyo, ndipo Pulezidenti Jomo Kenyatta adawaloleza kunyamula anthu mu 1973.

Ku Zimbabwe nako, fakitale ya Willowvale ku Harare inkalumikiza mapikiapu a Mazda, omwe ena adawoloka malire n'kudzakalambira kuno.

Zaka 37 osasintha nkhope

Komabe palibe kagalimoto komwe kadakakamira moyo kuposa Nissan 1400 ija ya ku Rosslyn.

Mu 1971 Nissan idatenga kutsogolo kwa galimoto yake yaing'ono ya banja, Sunny, n'kuika bokosi kumbuyo, monga adachitira Lew Bandt zaka zambiri m'mbuyomo. Ku Japan idatchedwa Sunny Truck. Ku South Africa idayamba kupangidwa chaka chomwecho ndi dzina loti Datsun 1200.

Mu 1980 idapatsidwa injini yokulirapo, ya 1397cc, yodziwika kuti A14, ndipo dzina lidasintha kukhala 1400. Pambuyo pake dzina la Datsun lidachoka, n'kubwera la Nissan. Idalandira giya yachisanu, denga lidakwezedwa pang'ono kuti anthu ataliatali akwanemo, ndipo kudabwera mtundu wokongoletsedwa ndi mizere m'mbali wotchedwa Champ.

Kusintha kudathera pomwepo.

Ku Japan komwe idabadwira adasiya kuigulitsa mu 1994. Ku Rosslyn idapitirira mpaka 2008, zaka 37, ndipo zomwe zidagulitsidwa zidafika pafupifupi 275,000. Potsanzika, kampani idapanga 150 zomaliza zotchedwa Heritage Edition.

Idalibe chiwongolero chofewetsedwa ndi makina. Idalibe mpweya wozizira, idalibe mawindo a magetsi. Munthu wamtali ankayendetsa mawondo atapana chiwongolero. Mwalamulo inkanyamula kuposerapo pang'ono theka la tani, tinene matumba 11 a feteleza a makilogalamu 50.

Ukaipa dziwa nyimbo, amatero akuluakulu. Nyimbo ya 1400 idali mtengo wotsika, kumwa petulo pang'ono, ndi kudzuka m'mawa uliwonse.

Opaka penti, okonza mapaipi, osamalira maluwa ndi eni timagolosale ta m'makomboni a Soweto ndi Mamelodi adayambira bizinesi pa kagalimoto kameneka. Mpikisano udalipo: Ford Bantam idabwera mu 1983, kenaka mnzake Mazda Rustler, ndi Opel Corsa Utility mu 1997. Zonsezo zidali zamakono kuposa 1400, koma zinkakoka ndi matayala a kutsogolo. 1400 inkakankha ndi a kumbuyo, komwe kumakhala katundu. Ikalemedwa, m'pomwe matayala ankagwira bwino nthaka.

Kubwera kwake ku Malawi sikudali kovuta. Dziko lino lidakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa mu 1967, ndipo njira ya malonda idali yotseguka. Tonse timayenda kumanzere kwa msewu, chiwongolero chili kumanja, chimodzimodzi Japan ndi Kenya. Ndipo a Malawi ogwira ntchito ku Joni akhala akubwera ndi mapikiapu odzaza mafiliji, mabedi ndi malata, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, n'kudzalowera pa Mwanza kapena pa Dedza.

Zambiri mwa galimoto zimenezo sizidabwererenso.

Pansi pa boneti

Kuti mumvetse chinsinsi chake, pitani m'magalaja a ku Ndirande mu Blantyre, kapena ku Biwi mu Lilongwe.

Pansi m'pakuda ndi oilo. Pa tebulo la malata ayala makabuleta, masitata, mapampu a madzi ndi nyali zomasulidwa ku galimoto zomwe zidafa kale. Mnyamata wophunzira ntchito akutsuka zitsulo m'beseni la petulo. Mkulu wake wagona pa katoni kunsi kwa pikiapu, mapazi okha akuoneka.

Mukatsegula boneti ya 1400 kapena Datsun 620, mumaona nthaka kudzera m'mbali mwa injini. Malo olowetsa dzanja ndi sipanala alipo ambiri. Chilichonse chili poyera.

Injini yotere imafuna zinthu zitatu: petulo, mpweya ndi moto. Petulo ndi mpweya zimasakanizidwa mu kabuleta, yomwe munthu amatha kuimasula, kuipemerera, n'kuibwezera. Moto umachoka ku koilo, kudutsa mu disitibyuta, kukafika ku mapulagi. Galimoto ikakana kulira, makaniko amatsata njira zitatuzo, imodzi ndi imodzi, mpaka atapeza podukira.

Safuna kompyuta. Amatsamiritsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake n'kuika kukhutu, n'kumva komwe kukugogoda. Amayang'ana mtundu wa pulagi n'kudziwa ngati petulo akuchuluka kapena akuchepa.

M'kati mwa injini ya A14 muli tcheni, osati lamba woduka mwadzidzidzi. Kumbuyo kuli masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, ndipo chimodzi chikathyoka, wowotcherera wa pa tawuni iliyonse amapeza china. Eni matola ambiri amaonjezera dala chitsulo chimodzi kapena ziwiri kuti galimoto isagwade ndi katundu.

Chinanso n'chakuti galimoto ikapangidwa zaka 37 osasintha, masipeya ake amakhala paliponse. Chitseko cha ya mu 1985 chimatha kukwana pa ya mu 2005. Imodzi ikafa, imapatsa moyo zinzake zisanu.

Mphamvu ya timagalimototi sidali yakuti sitiwonongeka. Timawonongeka ndithu, kawirikawiri. Koma tikawonongeka, munthu wa maphunziro ochepa ndi zida zochepa amatha kutidzutsa, pamalo pomwepo, tsiku lomwelo, pa mtengo womwe mwini wake angakwanitse.

Matola

Ku Malawi, mbiri ya pikiapu ndi mbiri ya matola.

Mabasi akuluakulu, kuyambira a UTM, kudzafika a Stagecoach ndi Shire Bus Lines, adali ndi misewu yawo ndi nthawi yawo. Kupitirira pomwe basi yathera, kapena mvula ikadula msewu, anthu ankadalira pikiapu ya wamalonda wa m'deralo. Mpaka lero zili choncho m'madera ambiri.

Wochoka pa Chitimba kukwera phiri kupita ku Livingstonia pa msewu wa Gorodi, wa makona okhota kwambiri pafupifupi 20, amadziwa kukhala pa thumba la ufa atagwiritsa chitsulo. Chimodzimodzi wochoka ku Mangochi kupita ku Makanjira, kapena wotsika ku Tsangano ndi mbatata.

Pikiapu ya m'mudzi siikhala ya mwini wake yekha.

Mayi woyembekezera akayamba kudwala pakati pa usiku, anthu amakagogoda kwa mwini pikiapu. Maliro akachitikira kuchipatala cha boma, bokosi limabwera pa pikiapu yomweyo, amayi atakhala m'mbali akuimba. Loweruka yaikidwa maluwa a mapepala, yanyamula akwati. Lamulungu masana yanyamula timu ya mpira. Lolemba yabwerera ku matumba a chimanga, mabelo a fodya, makireti a zakumwa ndi simenti ya sukulu.

Pempho la mayi wa ku Victoria lidakwaniritsidwa kuno kuposa momwe iye akadaganizira.

Koma ntchito imeneyi ili ndi mtengo wake, ndipo ena aulipira ndi moyo.

Bokosi la pikiapu adalipangira katundu, osati anthu. Mulibe lamba, mulibe denga, mulibe chotchinga. Mabuleki omwe adayesedwa pa theka la tani amakakamizidwa kuimitsa katundu woposa pamenepo kawiri, pa chitsikiro, matayala atatha mapanga. Tayala likaphulika, onse a kumbuyo amaponyedwa pa msewu. Ena amayendera chigubu cha petulo choikidwa m'kati momwe mwakhala anthu, paipi n'kulunjika ku kabuleta, chifukwa thanki idabooka kapena pampu idafa.

Apolisi a pamsewu akhala akuletsa kunyamula anthu pa galimoto za katundu, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mabanja ambiri m'dziko muno ali ndi manda omwe adakumbidwa chifukwa cha ngozi ya matola.

Wokwera matola amazidziwa zonsezi. Sakwera chifukwa chosaopa imfa. Amakwera chifukwa kumudzi kwake kulibe china chobwera, ndipo tomato sadikira.

Chidatha ndi chiyani?

1400 sidaphedwe ndi kusowa ogula. Malamulo a utsi ndi a chitetezo adakhwima, ndipo thupi lojambulidwa mu 1971 silikadatha kulandira zotetezera za makono popanda kulipanganso lonse. Kabuleta nayo idafika pothera, chifukwa siingathe kuyeza petulo mosamala monga imachitira kompyuta ya mu injini za lero.

Malamulo amenewo apulumutsa anthu ambiri, ndipo palibe wanzeru angafune kuti abwezedwe.

Chifukwa chachiwiri ndi phindu. Kuika mabuleki amakono, zikwama za mpweya zotetezera pa ngozi ndi zosefa utsi kumadya ndalama zofanana pa galimoto yaing'ono ndi yaikulu. Pa yaikulu, ndalamazo zimabisika mu mtengo. Pa yaing'ono, zimadya phindu lonse. Makampani adawerengera, n'kusankha pikiapu ya zitseko zinayi, mipando yachikopa ndi wailesi ya sikirini, yogulidwa ndi mabungwe, maboma ndi anthu opeza bwino.

NP200, yomwe idachokera ku Dacia Logan ndipo inkanyamula makilogalamu 800, idagwira mpata umenewu zaka 16. Itakalamba, yolowa m'malo mwake sidapezeke.

Wamalonda wamng'ono sadachoke pamsika. Opanga galimoto ndiwo adamuchokera.

Zolowa m'malo

Ntchito ikakhalapo, chonyamulira chimapezeka.

Yendani pa misika ya matabwa ndi ya simenti mu Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Mupeza mzere wa Suzuki Carry ndi Daihatsu Hijet zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, zambiri zolowera pa Songwe kuchokera ku doko la Dar es Salaam, zikudikira wofuna kusamutsa katundu. Izi ndi zidzukulu za timagalimoto ta mu 1960 ndi 1961 tija. Lamulo la kwawo limaziloleza makilogalamu 350 okha, matumba 7, ndipo zidapangidwira misewu ya phula ndi tinjira ta m'minda ya mpunga.

M'misewu ya kumidzi, Toyota Probox ndi Sienta zatenga anthu omwe kale ankakwera kumbuyo kwa pikiapu. Njinga zamoto za kabaza zatenga otsalawo. Za matayala atatu zochokera ku India ndi ku China zabweretsanso nzeru ya Ape ndi Midget patapita zaka zoposa 60.

Opanga galimoto ena ayamba kukumbukira. Ku India, Tata Ace yakhala ikugulitsidwa kuyambira 2005 kwa anthu a malonda ang'onoang'ono. Ku Thailand, Toyota idatulutsa Hilux Champ mu 2023, pikiapu yopanda zokongoletsa, yoti wogula aikepo bokosi lomwe akufuna.

Koma galimoto zatsopanozi zimabwera ndi funso lomwe 1400 idalibe: zikadwala, adzazichiza ndani? Probox ikayatsa nyali ya injini pa Makanjira, khutu ndi sikuludiraiva sizikwanira. Pamafunika makina owerengera kompyuta yake ndi munthu wodziwa kuwamasulira. Apa m'pomwe sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Nasawa ndi Lilongwe Technical College, pamodzi ndi bungwe la TEVETA, zili ndi ntchito yaikulu. Mnyamata wa ku galaja ya kumudzi ayenera kudziwa za magetsi a galimoto monga mkulu wake adadziwira kabuleta. Kupanda kutero, galimoto zabwinobwino zidzagona pa njerwa chifukwa cha kachipangizo kochepa kukwana m'dzanja.

Oitanitsa galimoto nawo atengepo phunziro. Galimoto yoyenera Malawi ndi yomwe masipeya ake akupezeka ku Ndirande, yomwe mimba yake siikhudza nthaka pa msewu wa fumbi, ndiponso yomwe ngongole yake wogulitsa mbatata angathe kubweza. Ndipo pomwe boma likuletsa matola, lifulumire kukonza misewu ya kumidzi kuti minibasi zifikeko, chifukwa chiletso chopanda njira ina chimangosamutsira ulendo ku mdima.

Pali ngongole inanso, ya ulemu.

Pabwalo la nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre pali mutu wa sitima ndi makina ena akale omwe amaonetsa ana a sukulu momwe dziko lino linkayendera. Mbiri imeneyo ndi ya boma ndi makampani aakulu. Mbiri ya mayendedwe a munthu wamba, wa dengu ndi thumba, idalembedwa kumbuyo kwa Peugeot 404, Datsun 620, Toyota Stout ndi Nissan 1400, ndipo ikutha tsiku ndi tsiku pa sikelo ya ogula zitsulo.

Amene muli nako kagalimoto kotere pakhomo, musafulumire kukagulitsa pa kilo. Ndipo osunga mbiri ya dziko ayambe kufunsa mtengo lero, pomwe kena kakadatha kufika ku Chichiri ndi matayala ake.